Kwa Mnzanga wa Burashi ku Japani

Mbale iyi sitidyeramo.
Imakhala pamwamba pa kabati kwathu ku Chiputula,
pakati pa wailesi yakufa ndi chithunzi cha ukwati,
ndipo mwezi wa Juni, nkhungu ikalowera pazenera,
imachita thukuta ngati munthu wochokera kutali.

Agogo aamuna, a Yesaya Kanyinji, anali khukhi
kwa mzungu wa pa esiteti.
Tsiku lopakira katundu dona anaona mng'alu
wowonda ngati tsitsi limodzi,
nati, tenga, iyi sikafika kwathu.
Zaka khumi ndi zinayi za utsi m'maso:
mbale yong'aluka, ndi jekete lopanda mabatani.

Mphunzitsi wina wa ku Luwinga
anaitembenuza, nayang'ana kunsi, naseka.
Akuti inaumbidwa ku Japani
koma zilembo za kunsiko zikulumbira kuti ndi ya ku Tchaina,
poti ogula a nthawiyo ankafuna dzina limenelo.
Ndinati, aphunzitsi, izo si zachilendo,
pitani pa msika wa Taifa mukawerenge zolembedwa pa nsapato.

Pakati pali chombo cha Adatchi, chabuluu.
Koma matanga ake apindika ngati denga la kachisi,
mafunde afola mwaulemu ngati mamba a nsomba,
ndipo amuna awiri a zipewa zazitali,
mphuno ngati mipini ya makasu,
akuyang'ana ndi maso a kwawo kwa wojambula.
Duwa la m'mphepete, lofiira ndi golide wofwifwa,
silidziwa mtundu wake:
linanyamuka ngati duwa la ku Ulaya,
dzanja litatopa linabwerera kumudzi.

Iwe mnzanga, ndakuzindikira.
Anakupatsa kapepala konyowa ndi mchere wa m'nyanja
nati, jambula izi, makumi asanu pofika Loweruka,
ndipo sunafunse kuti chingwe ichi chimanga chiyani,
unangoyang'ana mpunga wotsala m'thumba.

Ine ndine Vinjeru, ndimalemba zikwangwani kuseri kwa depoti:
mitu ya pa babashopu, nkhuku yomwetulira ya pa lesitilanti,
dzina la Mulungu kumbuyo kwa minibasi.
Alendo opita ku Nyika amafuna kadyansonga pa nsalu.
Sindinamuonepo.
Khosi ndinaliba pa kalendala ya banki,
miyendo ndi ya ng'ombe ya amalume ku Enukweni,
maso ndi a mbuzi yomwe inandidyera sopo.
Amalipira, amakulunga bwino, amati ndi Afirika weniweni.
Penapake ku Holandi, pakhoma la munthu,
ng'ombe ya amalume yatalika khosi, ikuzizidwa.

Ndiye usachite manyazi ndi chombo chako
chomwe sichingayandame ngakhale pa damu la Lunyangwa.
Chafika.
Chadutsa manja a wamalonda, a wansembe kapena wakuba,
bokosi la udzu, sitima, ngolo, mutu wa mtengatenga,
sopo wa agogo m'mawa uliwonse,
mpaka phiri la Kaning'ina likuchiyang'ana pazenera.

Wina wa ku Lilongwe anatchula mtengo pafoni.
Atamva za mng'alu anatsokomola, nadula.
Ndikaigogoda ndi chikhadabo siimba ngati belu,
imayankha mwachidule, ngati munthu wodziwa zinenero zinayi
amene watopa kufunsidwa kwawo.

Dzulo ndabwera ndi penti m'zala
ndapeza Tafika, mwana wanga wa zaka zisanu,
wakwera pampando, waitsitsa,
waikapo mbatata yowotcha, yotentha, yosenda theka.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe.
Koma nthunzi inali kukwera pa matanga aja,
Adatchi awiri ali mu nkhungu ya Mzuzu,
chombo chanyamula katundu wa kwathu koyamba.

Ndinakhala pansi. Tinagawana.
Mbatata inali ya ku Mpherembe, mnzanga,
yaufa, yokoma.
Ukanailawa ukanaijambula molakwika,
ine n'kuigula.